Audio ya katemera ija, ndi chifukwa chake timafulumira kukhulupirira kuti pali chiwembu

NaPhiri wa ku Mabvuku: Mwadzuka bwanji nonse. Audio ndatumizayo muimvere mpaka kumapeto. Akuti madontho a polio amene akudontheza ana m'kamwa muli mankhwala otseka mimba, cholinga ana athu asadzabereke. Akulankhulayo akuti ndi dokotala, anasiya ntchito atadziwa zimenezi. Ine adzukulu anga awiri ndawauza kale, akaona anthu a zikwama zozizira aja athawire m'nyumba.

Mlembi: Tadzuka mayi. Koma tinagwirizana kuti zinthu zongotumizirana zopanda mwini wake tizizifunsa kaye. Dokotalayo dzina lake ndani, wa chipatala chiti?

NaPhiri wa ku Mabvuku: Angatchule dzina kuti amuphe?

Mayi a Tadala, nesi: Amayi, ndaimvera. Mawu omwewa ndinawamvapo m'Chishona, lero abwera m'Chichewa, angosintha munthu wolankhula. Katemera ameneyu sanangoyamba chabe. Kachilombo ka polio kanapezeka m'madzi a m'masuweji konkuno ku Harare, ndiye mu February 2024 anayamba kuyenda khomo ndi khomo. Kumudzinso mwana anapezeka nayo polio ku Lilongwe mu 2022. Bodza la kutseka mimbali ndi lakale. Ku Kano, kumpoto kwa Nigeria, anaimitsa katemera mu 2003 chifukwa cha mphekesera yomweyi, ndipo matendawa anafalikiranso mpaka kukafika ku Yemen ndi ku Indonesia. Amene anapuwala anali ana. Ofalitsa nkhaniyo miyendo yawo inali bwinobwino.

Amalume Banda, Mufakose: Mwanawe, zako za chipatala sinditsutsa, ndi ntchito yako. Koma usamadabwe ukaona ife sitikhulupirira. Ndinagwira ntchito pa fakitale ina kuyambira ndili mnyamata mpaka imvi, akundidula penshoni mwezi ndi mwezi. Itafika 2008, ndalama yonseyo sinakwane kugula buledi. Mu January 2009 anatisindikizira pepala la 100 trillion. Mu 2016 anati ndalama yawo ya bond note ndi chimodzimodzi dola ya America, musaope. Mu 2019 tinadzuka madola a m'banki atasanduka ndalama ya kuno ku Zimbabwe yotchedwa RTGS. Mu April 2024 kwabwera ndalama inanso yatsopano ya ZiG, pofika September aigwetsa mphamvu pafupifupi theka. Nthawi zonsezi pa wailesi ankati zonse zili bwino. Ndiye lero munthu wovala bwino abwere pakhomo, anene kuti mwana ayasamule, ndi zaulere, ine ndingomwetulira?

Kondwani wa kombi: Amalume alankhula. Chaulere m'dziko muno ndi fumbi lokha 😂

Mphatso: Ndilowereko pang'ono akuluakulu, chifukwa zimene anena amalumezi ndi zimene timaphunzira m'kalasi ya psychology. Pali kafukufuku wodziwika wa mu 2008, anachita Jennifer Whitson ndi Adam Galinsky ku America. Anagawa anthu pawiri. Ena anawachititsa kumva kuti palibe chimene chili m'manja mwawo. Ankawapatsa mafunso, nkumawauza kuti wakhoza kapena walakwa mwachisawawa, moti munthu ayesetse bwanji samaona mutu wake. Ena ankangowauza kuti akumbukire tsiku limene zinthu zinawachitikira iwo alibe chochita. Atatero anawaonetsa zithunzi za timadontho, ngati mmene TV yakale imachitira siginolo ikathawa. M'zithunzi zina munalidi chinthu chobisika, m'zina munalibe kalikonse. Anthu aja anasowetsedwa chogwira ndi amene ankaona zinthu ngakhale momwe munalibe kanthu.

Mphatso: Anawawerengetsanso kankhani. Munthu akuyembekezera kukwezedwa pantchito, akuona bwana ndi mnzake wa mu ofesi akulemberana mauthenga pafupipafupi, kenako samukweza. Funso nkumati, kodi ziwirizi zikugwirizana? Omwe aja ankafulumira kunena kuti anamupangira upo. Maganizo a ofufuzawo ndi akuti mtima wa munthu sufuna kukhala m'dziko limene zinthu zimangochitika. Chiwongolero chikachoka m'manja mwako, umafuna udziwe kuti chili m'manja mwa ndani. Mdani amapepukirako kusiyana ndi tsoka lopanda mwini, chifukwa mdani ungathe kumuzemba, kumutukwana, kapena kubisa adzukulu.

NaPhiri wa ku Mabvuku: Iwe Mphatso ukunena ine?

Mphatso: Ayi agogo, ndikunena tonse. Inenso zotsatira za mayeso zikachedwa ndimayamba kuganiza kuti aphunzitsi akundida.

Che Yusufu, Mbare: Mwana wa sukuluyu wandikumbutsa kunyanja. Kwathu ku Mangochi, mnyamata woponya mbedza m'mbali mwa bango palibe chimene amasala. Amangotenga nyambo basi. Koma a chilimira, opita pakati usiku ndi nyali kukasaka usipa, aaa, malamulo ake ambirimbiri. Khoka alitsirike, ichi usadye, kunyumba ugone chonchi, wakuti asalumphe chingwe. Munthu yemweyo, nyanja yomweyo. Kusiyana kwake nkwakuti pakati paja mwera ukauka, nzeru zako zimathera pomwepo.

Mphatso: Che Yusufu, mwanena ndendende zimene analemba Bronisław Malinowski, amene anakhala pa zilumba za Trobriand kufupi ndi New Guinea nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Asodzi a m'madzi odekha a m'mphepete sankachita zamatsenga, opita m'nyanja yaikulu ndiwo ankachita.

Che Yusufu, Mbare: Akanangobwera ku Makawa tikanamuuza osavutika ulendo wonsewo. Koma usasangalale msanga, sindili mbali yako. Ndili ndi funso. Mu May 1983 anatiuza kuti a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga afa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza, msewu wa ku Thambani. Aliyense ankanong'ona kuti si ngozi. Ukanalankhula mokweza ukanakagona ku Mikuyu. Patapita zaka zoposa khumi, komishoni ya Justice Mtegha inapeza kuti anaphedwa ndi apolisi, galimoto anangoikankhira kuphompho. Inde a Kamuzu ndi a Tembo khoti linawamasula mu 1995, koma za ngozizo zinali zabodza. Ndiye amene ankanong'ona aja ankaona zinthu m'timadontho ta TV?

Kondwani wa kombi: Yankha Mphatso 🔥

Amalume Banda, Mufakose: Onjezerapo Willowgate ya konkuno mu 1988. Nduna zinkagula galimoto ku Willowvale pa mtengo wa boma nkukagulitsa mokwera. Tinkamva m'mabawa kaye nyuzi ya Chronicle isanalembe. Onjezeraponso Cashgate ya ku Capital Hill mu 2013.

Mphatso: Sindikukana, ziwembu zenizeni zilipo. Ngakhale ku zaumoyo komwe. Ku Tuskegee, America, kuyambira 1932 mpaka 1972 madokotala a boma anasiya amuna akuda odwala chindoko osawapatsa mankhwala kuti aone mmene matendawo amathera, ngakhale mankhwala a penicillin atayamba kupezeka. Ku Kano komwe atchula mayi a Tadala kuja, anthu sanangokana chabe. Mu 1996 kampani ya Pfizer inayesera mankhwala a Trovan pa ana kumeneko pa mliri wa meningitis, ana ena anamwalira, nkhani inafika m'makhoti. Ndiye pamene mphekesera ya 2003 inkabwera, inapeza nthaka yolimalima kale.

Mayi a Tadala, nesi: Koma taonani mmene nkhani mwatchulazi zinatulukira. Ya Willowvale inali ndi mayina a nduna, macheke, galimoto zoti munthu ukhoza kuziloza, mpaka komishoni ya Sandura inakhala pansi anthu akumvera. Ya ku Mwanza inali ndi tsiku, malo, mitembo, ndi apolisi amene anadzaima nkufotokoza. Nkhani zoona zimakhala ndi pogwira, ukazikoka zimabwera ndi mizu. Audio iyi ilibe dzina, ilibe chipatala, ilibe tsiku. Ukafunsa dzina akuti amupha. Ukanena kuti ife tonse tinalandira madontho omwewa tili ana ndipo tabereka mpaka kutopa, akuti awa ndi atsopano. Ndikanena ine akuti wadya nawo ndalama. Chilichonse chotsutsa amachisandutsa umboni. Ndalama zakezo bwenzi ndikukwera kombi ya Kondwani m'mawa uliwonse?

Kondwani wa kombi: Ndipo mumalipira mochedwa mayi 😂

Anambewe, Dzivarasekwa: Ndakhala ndikungowerenga, ana inu. Ine ndinakulira ku Blantyre nthawi ya Chilobwe, 1968 mpaka 1970. Anthu ankaphedwa usiku m'nyumba zawo, oposa makumi atatu. Tinkagona titatsamiritsa mtondo ku chitseko. Palibe ankadziwa kuti mawa kugwa kwa yani, apolisi osagwira munthu, wailesi ili chete. Ndiye kunabuka nkhani yoti boma likupopa magazi kukabweza ngongole ku South Africa. Tinaikhulupirira tonse, ngakhale bambo anga amene anali mkulu wa mpingo. Ndikaganiza lero, nkhani ija inkatithandiza kugona. Kunena kuti akufuna magazi kunali ndi mutu wake. Kunena kuti sitikudziwa, ndipo palibe akudziwa, kunali kowopsa kuposa.

Anambewe, Dzivarasekwa: Ndipo magaziwa sachoka m'kamwa mwathu. Njala ya 2002 itavuta, zinabweranso, akuti boma likusinthanitsa magazi ndi chimanga cha thandizo. A Eric Chiwaya, mkulu wa chipani cholamula ku Blantyre, anagendedwa chifukwa cha zimenezo. Mu 2017 anamapopa ku Mulanje, Phalombe, Thyolo, chilala cha 2016 chitangosautsa anthu. Mimba ikakhala yopanda kanthu, mvula osaidziwa, mtengo wa feteleza osaudziwa, anamapopa amatulukira.

Che Yusufu, Mbare: Kwathu munthu samangofa amayi. Pamaliro pamakhala funso nthawi zonse. Mu 1995 Edzi itatha anthu, mankhwala kulibe, khwimbi la anthu linakhamukira kwa a Chisupe ku Machinga kukamwa mchape. Malole odzaza, ena ochokera konkuno. Sanali opusa. Ankafuna chinthu choti achite ndi manja awo, osangokhala kudikira.

Mphatso: Apa ndiyenera kunena mbali inayo, ndingakhale ngati ndikugulitsa mankhwala a pa msika ochiza zonse. Kafukufuku wa 2008 uja si mawu omaliza. Ena atayesa kubwereza zoterezi, zotsatira zinali zosakanikira. Mu 2020 Ana Stojanov ndi Jamin Halberstadt a ku yunivesite ya Otago ku New Zealand anasonkhanitsa zoyesa zambiri za mtundu umenewu, napeza kuti kungomusowetsa munthu chogwira kwa kanthawi sikumusandutsa wokhulupirira ziwembu mwachisawawa. Pamene zinaonekako pang'ono ndi pa nkhani imodzi yeniyeni imene ikumukhudza. Chimene chimapezeka kawirikawiri nchakuti anthu amene amanena kuti moyo wawo suli m'manja mwawo ndi omwenso amakhulupirira kwambiri nkhanizi. Koma chimayambitsa chinzake ndi chiti, pamenepo akadakanganabe.

Amalume Banda, Mufakose: Nanga sizoona? Mwana wa pa yunivesite ku America kumuuza kuti walakwa funso kwa mphindi khumi, mukuti mwamulanda mphamvu? Abwere kuno aone. Mu 2001 anasintha lamulo la unzika, ife obadwira muno, makolo athu atakumba migodi ndi kulima fodya wa dziko lino, tinadzuka tili alien pa chitupa. Kuvota ayi. Kumudzi ukapita akuti ndiwe mtchona, kuno akuti ndiwe Mubhurandaya, munthu wa ku Blantyre wopanda kwawo. Mu May 2005 Murambatsvina, boma likugwetsa nyumba ndi misika m'matauni, akuti aliyense abwerere kumudzi kwawo. Ife kwathu kuti? Lipoti la UN la mayi Anna Tibaijuka linati anthu 700,000 anataya nyumba kapena pogwira. Constitution ya 2013 ndiyo inatibwezera unzika, koma mizere yake ya zitupa ndi nkhani ina. Zimenezo si za mphindi khumi. Anzathu achishona amati chinokanganwa idemo, chimene chimaiwala ndi nkhwangwa. Mtengo suiwala.

Mphatso: Pamenepo ndagonja amalume. Mwina nchifukwa chake zoyesa za m'kalasi zimatuluka zofooka. Sangathe kupanga zaka makumi awiri za moyo wa munthu mu ola limodzi.

Kondwani wa kombi: Ndiye basi tagwirizana, osakhulupirira aliyense. Ine sindivota, sindibayitsa, sindisunga ndalama m'foni. Onse ndi amodzi, zonse anakonza kale. Ngakhale ndege ya ku Chikangawa ija

Mlembi: Kondwani, za Chikangawa ayi pano. Mabala akadali aawisi ndipo tili ndi anthu a zipani zonse. Ulendo watha tinataya mamembala atatu.

Mayi a Tadala, nesi: Achimwene a Kondwani, tamverani zimene mwalembazo. Simuvota, simubayitsa, zonse anakonza kale. Ndiye chatsala m'manja mwanu nchiyani? Ndimaziona ku ntchito. Munthu amabwera atatsimikiza kuti akudziwa chinsinsi chimene enafe sitikudziwa, akumva ngati wachenjera. Koma ndi yemweyo amene sabweranso kudzatenga mankhwala a BP, mpaka amubweretse pa wilibala.

Mphatso: Zimenezo anaziyesanso. Daniel Jolley ndi Karen Douglas a ku yunivesite ya Kent ku England, mu 2014. Anthu amene anawerengetsedwa nkhani za ziwembu za boma anatuluka akumva kuti alibe mphamvu kuposa poyamba, ndipo chidwi chokavota chinatsika. Owerenga zonyoza katemera, chidwi chobayitsa mwana chinatsikanso. Ndiye munthu amalowamo pofuna kugwira chiwongolero, nkutulukamo atasiya ndi kochepa kamene anali nako.

Kondwani wa kombi: Koma mtima umakhala m'malo

Anambewe, Dzivarasekwa: Mtima wa ndani mwanawe? Funsa amene anaphedwa mu 2017. Sanali nduna, sanali azungu a mabungwe, amenewo UN inawachotsa ku Mulanje ndi Phalombe pa galimoto zawo. Anaphedwa anthu oyenda pansi, alendo odutsa m'mudzi, wina ku Blantyre anali wodwala khunyu. Munthu akasowa mphamvu pa boma, amakaipeza pa mlendo amene ali pafupi. Ndipo kuno mlendo ndi ndani? Si ife? Mwana akasowa m'dera, simunamvepo akuti ndi Manyasarande a zvigure, kunena ife Amalawi a gule wamkulu, ali ndi mankhwala oopsa? Ine ndinakhalapo pa lendi pamene mwana wa eni nyumba anadwala, maso onse anali pa ine chifukwa ndimalankhula Chichewa. Nkhani zoterezi tisamazisewere, tsiku lina zimaloza pakhomo pako.

Che Yusufu, Mbare: Apa amayi mwalasa.

Amalume Banda, Mufakose: Ndipo si osauka okha amene amazikonda. Kolera wa 2008 mukumukumbuka, Budiriro, Glen View, Chitungwiza. Anthu oposa 4,000 anapita. Mipopi youma, masuweji akuyenda mumsewu, mankhwala a m'madzi kulibe. Nduna ya zofalitsa nkhani, a Sikhanyiso Ndlovu, anaima nkunena kuti ndi Britain yatiponyera matenda ngati chida cha nkhondo. Wamkulu zikamupulumuka m'manja, nayenso amasaka mfiti. Kusiyana kwake iye amatero kuti inu musafunse za mipopi.

Mayi a Tadala, nesi: Eya amalume, ndiye mwafika kumene ndimafuna. Amene anati ndi Britain anangokhala nkumatukwana Britain. Amene anati ndi madzi anawiritsa madzi, anathira mapiritsi, anathamangira madzi a shuga ndi mchere mwana atangoyamba kutsegula. Simungakonze Morton Jaffray, koyeretsera madzi a mu Harare, inuyo, koma ndowa ya m'nyumba mwanu mungathe.

Amalume Banda, Mufakose: Usandilembe m'gulu lako msanga. Ndowa ndiwiritsa, koma kukayikira sindisiya. Kukayikira ndi kumene kunapulumutsa anzanga amene anatulutsa madola awo m'banki 2019 isanafike. Ife omvera tinalira.

Mphatso: Kukayikira kwa anzanuwo kunali ndi pogwira amalume. Ankaona mizere pa ATM, ankaona mtengo wa pa msewu ukusiyana ndi wa ku banki tsiku ndi tsiku. Akanalakwitsa, zikanaoneka pasanathe chaka. Nkhani yoti ana sadzabereka muidikira zaka makumi awiri, ndipo wolankhula mu audio uja adzakhala atayamba ina.

NaPhiri wa ku Mabvuku: Mwandiunjikira nonse ngati ndaba nkhuku. Ine sindinapange audio, anandipatsa a kumpingo. Ana amenewa amayi awo ali ku Johannesburg, akadwala ndine, akalira ndine. Mukufuna ndisaope bwanji? Munthu wobwera pakhomoyo sindimudziwa, chimene chili m'botolo sindichidziwa, ndipo chikalakwika palibe amene ndingakamugwire malaya.

Mayi a Tadala, nesi: Palibe akukudzudzulani amayi, mantha anuwo ndi a munthu wolera. Chitani chonchi. Musadikire a pakhomo. Pitani nokha ku kiliniki ya kwanuko ndi makhadi a ana, mufunse nesi akuonetseni kabotolo, muwerenge dzina ndi tsiku lothera ntchito. Pa kabotolo ka polio pamakhala kachizindikiro kamene kamada ngati katemera watenthedwa, akuonetseni kameneko. Mufunse mafunso onse mpaka mutope. Ndi ufulu wanu. Mukafuna ndikuimbireni madzulo ndikaweruka.

NaPhiri wa ku Mabvuku: Uimbe ikakwana 7, magetsi akabwera ndichaje foni. Koma sindinalonjeze kanthu.

Kondwani wa kombi: Magetsinso amazimitsa dala kuti tigule ma solar a mabwana

Che Yusufu, Mbare: Iwe, ku damu la magetsi la Kariba madzi anatsika, aliyense anaona zithunzi. Kapena ukuti mabwanawo anamwa?

Kondwani wa kombi: Simungadziwe Che 😂

Mlembi: Poti nkhani ya ndalama yalowa kale, ndikumbutse. Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi tikumana kwa Anambewe, a ku mzikiti mutipeze konko 2 koloko. Nkhani ndi thumba la maliro. Ena akuti titsegule akaunti ya madola ku banki chifukwa ndalama yakula, kusunga m'nyumba mwa munthu nkoopsa, akuba achuluka. Ena akuti ikhale momwe ilili. Mubwere ndi maganizo, komanso amene simunapereke ya mwezi watha mukudzidziwa.

Mphatso: Ine ndikuti theka ku banki, theka m'bokosi la makiyi atatu.

Anambewe, Dzivarasekwa: Bokosilo lisakhalenso kwanga, sindigona nalo tulo.

Amalume Banda, Mufakose: Libwere ku Mufakose. Ku banki voti yanga ndi ayi, mulembe kale, Lamlungu ndingachedwe.